Ndili ndi Dell ya ex-UK, ndigule graphics card iti kuti FC ndi GTA ziziyenda bwino?

Amwene funso lanu ndaliona, ndilibwereze kaye mwachidule kuti ena amene ali ndi makina ngati anuwa atsatire. Mwati muli ndi Dell OptiPlex 9020 ya ex-UK, processor yake ndi i5-4570, RAM 8GB, hard disk yake yomwe inabwera nayo ija, ndipo mukufuna muzimenya FC (gemu ya mpira ya kampani ya EA) ndi GTA V komanso muzieditira mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati amene mumajambula pa weekend. Ndalama ndi zochepa. Wina pa Facebook akukutsatsani RX 580 ya 8GB yoti inagwirapo ntchito, ku shopu ina akuti tengani GT 730 ya 4GB yanyuwani ya m'bokosi, ndiye mwasokonekera kuti pa ziwirizi mutenge iti kapena mwina pali ina yoposa.

GT 730 ija isiyeni komweko ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. RX 580 ndi kadi yabwino ndithu, koma momwe kompyuta yanu ilili panopa singagwire ntchito mmenemo popanda kusintha zinthu zina, ndipo zinthu zinazo nazo ndi ndalama. Musanatumize kobiri kwa aliyense tengani kompyutayo, izimitseni, zulani chingwe kukhoma, tsegulani chitseko cha m'mbali muone zimene zili mkatimo, chifukwa power supply yanu, kukula kwa kesi yanu ndi processor yanu ndi zimene zikuuzeni kadi yoti mugule.

Ndiyambe ndi nkhani ya ma GB chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Ogulitsa amadziwa kuti ife tinazolowera kuyeza chilichonse ndi GB, foni GB, bandulo GB, flash GB, ndiye akangolemba 4GB ndi zilembo zikuluzikulu pa bokosi munthu umaona ngati wapeza chinthu. Koma ma GB a pa kadi ndi malo ongosungirako zithunzi za gemu pa nthawi imene ikuyenda, amene amagwira ntchito yojambula ndi chip imene ili pansi pa fani paja, ndipo chip ikakhala yofooka ngakhale mutaipatsa malo ochuluka bwanji liwiro lake silisintha. GT 730 inatuluka mu 2014 ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali kadi ya mu ofesi, yongowonjezera monita. Choipa china ndi choti dzina limodzi lomwelo analiika pa makadi osiyanasiyana, ndipo zambiri za 4GB zimene zimapezeka m'mashopumu memory yake ndi DDR3 yochedwa ija, zina chip yake ndi ya m'badwo wa Fermi wa cha m'ma 2010 ongoisintha dzina. Nvidia, kampani yopanga ma chip akewo, inasiya kalekale kutulutsa ma driver (timapulogalamu toyendetsa kadi) a magemu a makadi amenewa. Pamene EA pa FC 24 inalemba kuti kadi yotsikitsitsa yoti gemu iyende ndi GTX 1050 Ti kapena RX 570, ndipo GT 730 ili kutali kwambiri ndi pamenepo. Mudzangotaya ndalama n'kubwerera pomwe munali. GT 710 chimodzimodzi. GT 1030 ndi yabwinoko pang'ono, GTA V imayendako mukatsitsa ma settings, koma nayo ili ndi msampha wake, ilipo ya GDDR5 ndi ina ya DDR4 imene ndi yochedwa kwambiri koma dzina ndi lomwelo, komanso ilibe kachipangizo kothandiza kutulutsa vidiyo mwachangu, ndiye kwa inu wa maukwati sikuthandizani.

Tsopano mwatsegula kesi. Choyamba onani kuti Dell yanuyo ndi iti chifukwa simunanene, 9020 ilipo ya mitundu ingapo. Ilipo yaikulu yoimirira ija imene amaitchula kuti MT, ndiye ilipo yopyapyala imene anthu amaigoneka pansi pa monita, SFF. Palinso ting'onoting'ono kwambiri, USFF ndi Micro, ngati yanu ndi imeneyo ndiye nkhani yathera pomwepo chifukwa mulibe poika kadi, ndalamazo sungani mudzagule makina ena. Zambiri zimene zimabwera kuno kuchokera m'maofesi a kunja ndi SFF.

Chachiwiri yang'anani sitika imene ili pa power supply, kabokosi kachitsulo komwe chingwe cha kukhoma chimalowa kaja. Pa 9020 MT nthawi zambiri palembedwa 290W, pa SFF 255W. Kenako tsatirani mawaya amene akutuluka mmenemo muone ngati pali pulagi ya mabowo 6 kapena 8 imene ikungolendewera yopanda polowa. Pa Dell imeneyi simuipeza, chifukwa anaipangira munthu wa mu ofesi wolemba makalata ndi Excel, sanaganizeko za FC.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ndiye ndifotokoze bwinobwino. Slot yaitali ya pa motherboard imene kadi imalowamo, PCIe x16, payokha imapereka magetsi osapitirira 75W. Kadi iliyonse imene imadya kuposa pamenepo imafuna waya wake wapadera wochokera ku power supply, wa mabowo 6 umawonjezera 75W, wa mabowo 8 umawonjezera 150W. RX 580 imadya 185W payokha ndipo imafuna waya wa mabowo 8, AMD yomwe imalangiza power supply ya 500W. Inu muli ndi 290W kapena 255W yoti idyetsenso processor ya 84W, motherboard, hard disk ndi mafani, komanso ndi power supply yoti yagwira ntchito zaka zoposa khumi chifukwa makina amenewa ndi a 2013. Kuli ngati kukweza matumba asanu a chimanga pa njinga ya kabaza, mwina inyamuka pa malo osalala koma pa chitunda choyamba ma spoko athothoka. Pa kompyuta chitundacho ndi pamene gemu yafika pothina, imangozima yokha n'kuyakanso, tsiku lina siidzayakanso.

Ndipo pali anyamata ena amene adzakuuzeni kuti palibe vuto bwana, tili ndi adaputa, timangotenga pa waya wa SATA wa hard disk uja n'kusandutsa 6 pin kapena 8 pin. Chonde musalole zimenezo m'makina anu. Pulagi ya SATA mbali yake ya 12V inapangidwira pafupifupi 54W basi, ndiye mukaikakamiza kudutsitsa zoposa 100W pulasitiki imayamba kufewa, imada, kenako imasungunuka. Ndazionapo anthu atabwera nazo kuti zikonzedwe, pulagi itapsa mbali imodzi ngati yagwera pa mbaula, mawaya achikasu atamatirirana, ndipo fungo lake limakhala m'kesimo sabata yonse. Mwini wake amakhala ndi mwayi ikangopsa pulagi yokha osatenga hard disk yomwe muli mavidiyo a makasitomala.

Ndiye njira zilipo ziwiri, yosasintha power supply ndi yosintha.

Ngati simukufuna kukhudza power supply, mukufunika kadi imene imakhuta ndi 75W ya pa slot. Pagulu limeneli mayina ndi ochepa ndipo ndi bwino kuwaloweza. GTX 1050 Ti ya 4GB, inatuluka mu 2016, ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndipo GTA V pa 1080p imayenda bwino, FC imayenda koma muli pa malire penipeni ndiye ma settings mutsitse. Dziwaninso kuti Nvidia yasiya kuipangira ma driver atsopano a magemu kuyambira kumapeto kwa 2025, yangotsala ndi zokonza chitetezo, sikuti isiya kugwira ntchito ayi koma magemu amene akubwera kutsogoloku sadzaiganiziranso. GTX 1650 ya 4GB, ya 2019, imeneyi ndi imene ine ndimaikonda pa makina ngati anuwa, imaposa 1050 Ti moonekeratu, siitentha kwambiri, ndipo ili ndi NVENC, kachipangizo kothandiza kutulutsa vidiyo mwachangu kaja, imene mapulogalamu ngati Premiere ndi DaVinci Resolve amatha kugwiritsa ntchito potulutsa vidiyo, komanso imawerenga yokha mavidiyo a HEVC amene mafoni ambiri ndi makamera atsopano amajambula, zimene processor yanu ya 2013 imavutika nazo mpaka timeline kumadukizadukiza. Koma samalani, si GTX 1650 iliyonse imene ilibe pulagi, zina makamaka za mafani awiri zili ndi polowetsa 6 pin pamwamba kapena kumbuyo, ndiye muuzeni wogulitsayo ajambule m'mphepete monse muone ndi maso anu. Yachitatu ndi RTX 3050 ya 6GB imene inatuluka mu 2024, imadya 70W, ilibe pulagi, ndipo ndi yamphamvu kuposa ziwiri zinazo, ngati thumba lilola imeneyi ndiye yabwino kwambiri pa gulu lonseli. Musaisokoneze ndi RTX 3050 ya 8GB, imeneyo imadya 130W ndipo imafuna waya.

Ngati Dell yanu ndi yopyapyala ija pali vuto lina pamwamba pa magetsi, malo. Kadi wamba singalowe, chitseko sichitsekeka, mukufunika imene amalemba kuti low profile ndipo ibwere ndi kachitsulo kake kakafupi komangira kumbuyo. Ambiri ogulitsa zakale kachitsulo kameneka anataya, funsiranitu. Komanso pa ma SFF a Dell a nthawi imeneyi slot yaikulu ili moyandikana kwambiri ndi power supply, moti kadi yonenepa yodya malo a ma slot awiri imagunda kabokosi kaja, ndipo ma GTX 1650 ndi RTX 3050 a low profile ambiri ndi onenepa chomwecho. Tengani rula muyeze mpata umene ulipo musanagule. Kadi yopyapyala imene imalowa mosavuta ndi RX 6400 ya AMD, ya 2022, imadya 53W yokha, koma ndikuuzeni zoona zake zonse, imagwiritsa ntchito tinjira 4 tokha pa slot ndipo anaipangira PCIe 4.0, pamene makina anu ndi PCIe 3.0, ndiye imataya liwiro makamaka gemu ikadzaza 4GB ija, chachiwiri ilibe kachipangizo kotulutsira vidiyo. Kwa munthu wongosewera FC ndi GTA pa SFF ndi yovomerezeka. Kwa inu amene vidiyo ndi imene imabweretsa ndalama ndingaiike kumapeto kwa mndandanda.

Mudzamvanso za makadi a Intel, Arc A380 ndi A310, mitengo yake imakopa ndipo pa vidiyo ndi akatswiri. Koma amafuna chinthu chotchedwa Resizable BAR kuti magemu aziyenda bwino, chimene chimapezeka kuyambira pa Intel 10th gen kapena Ryzen 3000 kupita m'mwamba, pa i5-4570 palibe, ndiye alambalaleni.

Njira yachiwiri, yosintha power supply, ndi ya amene ali ndi MT yaikulu ija basi. Apa pali kanthu kamene Dell inachita kamene muyenera kudziwa, pa 9020 motherboard yake silandira pulagi ya mabowo 24 imene ma power supply wamba ali nayo, ili ndi yakeyake ya mabowo 8, ndiye pamafunika adaputa ya 24 pin kupita ku 8 pin yopangidwira Dell zimenezi. Adaputa imeneyi ndi yosiyana ndi ya SATA ndanena ija, iyi ndi yabwinobwino anthu ambiri amagwiritsa ntchito, kungoti kuno siipezeka paliponse mwina mpaka muitanitse. Power supply yake ikhale ya 450W kapena 500W ya kampani yodziwika, Corsair, Seasonic, Cooler Master, EVGA, zoterozo, osati zopepuka ngati chitini chopanda kanthu zija zolembedwa 650W koma mtengo wake wofanana ndi mbewa ya kompyuta. Inyamuleni m'manja, yabwino imalemera, ndipo pa sitika onani mzere wa 12V kuti ukupereka ma watt angati chifukwa kadi imadya pamenepo. Muyezenso kutalika kwa malo kuchokera kumbuyo kwa kesi kufika pa kachitsulo kosungira ma hard disk, ma RX 580 ambiri ndi aatali ndipo amakagunda pamenepo kapena kuphimba polowetsa mawaya a SATA.

Mukaphatikiza mtengo wa RX 580 ija, power supply yatsopano ndi adaputa, kenako n'kuyerekeza ndi GTX 1650 yongolowetsa n'kuyatsa, nthawi zambiri mupeza kuti kutchipa kuja kwatha. RX 580 ndi yamphamvu kuposa GTX 1650, zimenezo sindikana, ndipo 8GB yake imathandiza pa magemu atsopano, koma ndi kadi ya 2017, AMD inachepetsa kale chisamaliro cha ma driver ake, ndipo imadya magetsi. Tiwerengere limodzi, kusiyana kwa 185W ndi 75W ndi 110W, mukamasewera kapena kurenda maola 5 pa tsiku ndiye kuti mwezi ukamatha mwawonjezera mayunitsi oposa 16 pa mita chifukwa cha kadi yokha. Ndipo ngati kwanu magetsi akazima mumadalira inverter kapena sola, kadi ya 75W batire imapirira nayo, ya 185W muona inverter ikuyamba kulira msanga. Kutentha nakonso, mwezi wa Okutobala m'chipinda cha malata kesi ya Dell yokhala ndi kafani kamodzi kumbuyo ndi RX 580 mkati, mafani ake amalira mpaka woyandikana naye chipinda kumva.

Ngati mwatsimikiza ndithu zosintha power supply ndiye ine ndingati musathamangire RX 580, funsani mtengo wa GTX 1660 Super ya 6GB, ya 2019, imadya 125W ndipo imaiposa RX 580, NVENC yake ndi yabwino kwambiri pa ntchito yanu ya vidiyo. Pamwamba pake pali RX 6600 ya 8GB, ya 2021, 132W, imeneyi ndi kadi yoti mungakhale nayo zaka, kungoti i5-4570 singaidyetse mokwanira, processor idzakhala pa 100% kadi ikungodikira. Si kulakwa kugula yotero ngati mukudziwa kuti chaka chamawa mugula motherboard ndi processor zatsopano n'kusamutsira kadi ndi power supply komweko. Koma ngati Dell yomweyi ndi imene mukhale nayo, kupitirira GTX 1660 Super ndi kulipira liwiro limene simudzaliona.

Nkhani ya processor imeneyi ndiitsindike pang'ono chifukwa FC ndi gemu yodya processor. i5-4570 ili ndi ma core 4 ndi ma thread 4, ndipo pa zofunika za FC 24 EA inalemba i5-6600K ngati yotsikitsitsa, yanu ndi yakale kuposa imeneyo. Gemu imatseguka ndipo imaseweredwa, koma muyembekezere kulaga apo ndi apo makamaka pa ma cutscene ndi pamene mwasiya Chrome yotsegula kumbuyo, ndipo zimenezo ngakhale mutagula kadi yodula bwanji sizichoka. Mankhwala ake otchipa ndi i7-4770 kapena i7-4790 yakale, imalowa pa socket yomweyo, ili ndi ma thread 8, ndipo pa kurenda vidiyo kusiyana kwake mudzakuona tsiku loyamba.

Ndipo kunena zoona amwene, pa ndalama zanu zochepazo ine sindingaike zonse pa kadi. RAM ya 8GB pa FC ndi pa editing ndi yothina. Yang'anani ngati ndi kamtengo kamodzi ka 8GB kapena tiwiri ta 4GB, 9020 ili ndi ma slot 4 a DDR3, ndipo DDR3 yakale ndi chimodzi mwa zinthu zotchipa zimene mungapeze, fikitsani 16GB ndipo muike mowirikiza m'ma slot a mtundu wofanana kuti ziziyenda ziwiriziwiri. Hard disk ija nayo ndi imene imapangitsa kuti mu GTA mukamathamanga ndi galimoto misewu ndi nyumba zizichedwa kuoneka, SSD ya SATA ngakhale ya 256GB yoikapo Windows ndi pulogalamu ya editing isintha kompyuta yonse, hard disk ikhale yosungira mavidiyo. GTX 1650 pamodzi ndi 16GB ndi SSD idzakusangalatsani kuposa kadi yaikulu yokhala pa 8GB ndi hard disk yakale.

Tsopano za kugula kadi yoti inagwirapo ntchito, poti kuno zambiri ndi zotero, zatsopano ndi mavuto a forex awa mitengo yake imasintha sabata iliyonse. Lamulo langa ndi limodzi, osatumiza ndalama pa foni kadi musanaione ikuyenda. Mukumane pamalo pamene pali kompyuta, kaya kwa iye kaya kwa technician amene mumamukhulupirira, ndipo mupite ndi flash yanu momwe muli kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z ndi kena koyesera ngati FurMark kapena Unigine Heaven. GPU-Z imakuuzani chimene chili mkati mwa kadi posatengera zolembedwa pa sitika. Pa RX 580 yang'anani pamene palembedwa Shaders, yeniyeni ndi 2304. Mukaona 2048 ndiye kuti ndi imene amaitchula RX 580 2048SP, yopangidwira msika wa ku China, imene mphamvu zake ndi za RX 570, ndipo zambiri zotchipa zimene zadzaza pa intaneti ndi zimenezi, zina ndi ma chip akale ochotsedwa m'makadi ena n'kuwaveka fani yatsopano. Sikuti siigwira ntchito, koma musalipire mtengo wa RX 580 yeniyeni. GTX 1050 Ti ndi imene ili ndi zabodza zambiri kuposa zonse, anthu amatenga kadi yakalekale ngati GTS 450 n'kuisintha dzina mkati kuti Windows iziwerenga 1050 Ti. Yeniyeni ili ndi ma shader 768, yabodza imaonetsa 192 kapena nambala ina yotsika, ndipo GPU-Z nthawi zambiri imalemba FAKE kutsogolo kwa dzina. Ngakhale musanayatse, mukaona 1050 Ti ili ndi polowetsa VGA ya buluu ija kumbuyo ibwezeni, makadi a m'badwo umenewo alibe VGA.

RX 580 ndi RX 570 zambiri zinagwira ntchito yokumba ndalama za crypto usana ndi usiku mpaka Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, inasiya njira imeneyo mu Seputembala 2022, n'chifukwa chake zinakhuthukira pa msika motchipa. Kadi yoti inakumbapo si kuti yafa ayi, zambiri zikuyenda mpaka lero, koma mafani ake amakhala atatopa, phala la pa chip litauma, ndipo zina anazisintha BIOS, kapulogalamu ka mkati mwa kadi momwemo, moti driver wamba imakana kulowa kapena sikirini imangoda pakati pa gemu. Ndiye iyeseni kwa mphindi 15 kapena 20 ili pa ntchito yolemera, muziyang'ana kutentha, ikamasewera m'ma 70 zili bwino, ikamathamangira ku 85 kapena 90 pali vuto. Yang'anitsitsani sikirini ngati pakubwera timadontho tobiriwira kapena tofiirira, timizere, kapena kuthwanima, zimenezo nthawi zambiri ndi memory imene ikufa, musamvere zoti ndi driver chabe. Zimitsani, zungulizani fani iliyonse ndi chala mumve ngati ikukhula kapena kugwedera, nunkhizani pafupi ndi polowetsa magetsi, tembenuzani muone kumbuyo kwa bolodi ngati pali pachikasu kapena pakuda ngati panawaulidwa ndi moto. Muyesenso mabowo onse a HDMI ndi DisplayPort. Wogulitsa amene akukana zonsezi n'kumati ndili pa changu bwana ena akuifunanso, musiyeni apite nayo kwa enawo.

Za monita musaiwale. Ngati yanu ndi ya VGA yokha, makadi onse ndakulangizaniwa alibe VGA, mufunika kachosinthira ka HDMI kupita ku VGA kapena DisplayPort kupita ku VGA, kamene kali ndi chip mkati, muikiretu pa bajeti.

Poika kadi palibe chovuta. Zulani chingwe kukhoma, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira atuluke, gwirani chitsulo cha kesi musanagwire kadi, chotsani kachitsulo kotseka kumbuyo, lowetsani kadi mpaka kaloko ka pa slot kalire, ndipo poti mwatsegula kale pemererani fumbi lonse limene lili pa fani ya processor ndi pa power supply. Chingwe cha monita muchichotse pa motherboard pomwe chinali muchilowetse pa kadi, anthu ambiri amaiwala zimenezi n'kumadandaula kuti agula kadi koma gemu sinasinthe. Driver muitenge pa webusaiti ya Nvidia kapena AMD yeniyeni, ndi yaikulu ma MB mazanamazana ndiye dikirani bandulo ya usiku, osatenga ya pa flash ya munthu imene simukudziwa kuti yachokera kuti. Zosintha BIOS ya Dell musazichite pokhapokha kadi itakana kuonetsa chithunzi, ndipo ngati mukuchita pakhale UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akazima, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchito imeneyo motherboard imatha kufa.

Kuzimazima kwa magetsi ndi kumene kumapha zida zambiri kuno, makamaka pamene akubwerera ndi mphamvu. Mwagula kadi ndi ndalama zovutikira, musailumikize kukhoma mwachindunji kapena pa ekisitenshoni yotchipa, pezani surge protector yeniyeni kapena fridge guard imene imadikira kaye magetsi akhazikike isanalole kudutsa, UPS ngati mungakwanitse ndiye bwino koposa poti imakupatsani mpata wosunga project ya ukwati wa anthu musanazimitse.

Kanthu kena koti mukhale mukudziwa pamene mukuwerengera ndalama zoika m'makina amenewa, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel 8th gen kupita m'mwamba, yanu ndi 4th gen. Kompyuta ipitiriza kuyaka ndi kugwira ntchito, koma ndi chifukwa china chimene ndikunenera kuti musakwirire ndalama zambiri pa zinthu zoti zidzathera mu Dell momwemo. Kadi, SSD ndi power supply wamba mudzasamuka nazo, DDR3 ndi i7 yakale zidzatsala, ndiye pa ziwiri zomalizazi muzinenerera mtengo mpaka pansi.

Ndikanakhala pa mpando wanu ndi MT, ndikanatenga GTX 1650 yopanda pulagi, RAM kufikitsa 16GB, SSD, chenji chikatsala i7-4790, ndipo ngati RTX 3050 ya 6GB itapezeka pa mtengo woyandikira ndikanalumphira imeneyo. Ndi SFF ndikanayeza kaye mpata, GTX 1650 low profile ikakwana ndiye yomweyo, ikakana RX 6400 n'kusiya processor kuti izirenda ndi Quick Sync, kachipangizo kake kotulutsira vidiyo, pa mavidiyo a H.264. RX 580 ya pa Facebook ija pokhapokha ngati muli ndi MT, GPU-Z yaonetsa 2304, yapirira mphindi 20 popanda timadontho, ndipo mtengo wake kuphatikiza power supply yabwino ndi adaputa ukadali pansi pa GTX 1660 Super.

Nditumizireni zithunzi zitatu, sitika ya pa power supply yowerengeka bwino, mkati mwa kesi pamene pali slot yaitali ija rula mutaigoneka pambali, ndi kumbuyo kwa monita yanu pamene pali mabowo. Munenenso pulogalamu imene mumaeditira ndi kamera kapena foni imene mumajambulira, ndikuuzani dzina lenileni la kadi yoti mukafunse.